Uja wa ku Railways, Wanjinga

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzalowa nayo m'manda. Koma pakuti Bwacha yonse ikuidziwa kale, ndipo ena ayamba kuithira mchere wawo, bola ndiinene ndekha. Sekani, koma mukandiona mu minibasi musandiloze chala.

Ambuya anga, mayi wawo wa amama, anaphunzitsa Sande sukulu pa tchalitchi chathu ku Bwacha kuyambira ine ndisanabadwe. Anachoka ku Petauke ali mtsikana, kutsatira amuna awo amene anapeza ntchito m'tauni muno. Ndipo anali munthu wolemba. Ukasiya pepala pathebulo, ngakhale kalenda yakale, pobwera upeza kuseri kwadzaza. Ndinkawakonda kwambiri mayi amene aja. Mpaka lero ndikamadutsa pa nyumba yawo ndimayenda pang'onopang'ono.

Chaka chitatha chimwalirire, banja linakonza zovundukula chiliza ndi mapemphero owakumbukira. Ntchito yolemba mbiri yawo anandipatsa ine, chifukwa choti ndimavala tayi kuntchito basi. Amama anandikokera thiranki ya mabuku a ambuya.

"Yang'anamo, upeze tumawu twabwino tokawerenga," anatero.

Munali nyimbo, maphunziro a ana, makalata. Pansi penipeni ndinapeza kabuku kabuluu, kopanda mutu, kopanda dzina. Zilembo zinali zawo, zopendekera zija. Ndinatsegula.

"Ndatopa kunama. Anthu amandiona nditavala zoyera pa Sabata, sadziwa zimene ndabisa mumtima."

Ndinakhala pansi kaye. Kenako tsamba lachiwiri.

"Mwana wanga woyamba si wa amuna anga. Atate ake ndi uja wa ku Railways, wanjinga."

Mayo ine! Mwana woyamba wa ambuya ndi amama!

Wa ku Railways wanjinga ndinkadziwa mmodzi yekha: aSakala, mkulu wa mpingo amene anapuma ntchito ya njanji kalekale. Njinga yawo yakuda inkatsamira pa mtengo wa mango wa ambuya Loweruka lililonse. Ndinathamangira pagalasi. Mphumi iyi! Ya aSakala yeniyeni, palibe chokana.

Kabukuko ndinakabisa m'thumba la jekete. Ndinati dzina la ambuya anga silidzagwa pansi ine ndili moyo, ndipo amama asamve. Masiku atatu nsima ndinkangoibweza osaikhudza.

"Nichani kansi?" anafunsa akazi anga. "Mwataya foni?"

"Palibe, ni stress chabe."

Loweruka ndinakwera minibasi kuchoka kwathu ku Natuseko, ulendo wa ku Railways. Ndinawapeza aSakala pakhonde akupukuta njinga yomweyo.

"Aa, mdzukulu wanga!" anafuula.

Ayamba kale kuvomera!

Tiyi atabwera ndinayamba mozungulira, ngati wapolisi. "Ambuya anga aja munadziwana nawo liti?"

"Kale, mwana wanga. Tinayamba amayi ako asanabadwe."

"Loweruka lililonse?"

"Osaphonya! Mvula, dzuwa, ine pa njinga."

"Nanga amuna awo anali kudziwa?"

"Kudziwa? Ndiwo anali kutisiyira nyumba! Akuti ine phokoso lanu sindingalikwanitse, ndapita kumpira."

Ndinaika kapu pansi. Ndinafunsa motsitsa mawu, "Ana alipo angati?"

"Ana athu? Iwe, sitingawerenge! Ku Kitwe aliko, ku Lusaka aliko, wina ni m'busa ku Chipata. Mawa ndidzanena zonse, anthu adziwe kuti mayi uja anali ndani."

Tiyi ndinamusiya osamwa. Sindikumbuka kuti ndinatsazika.

Sabata, titachoka kumanda, tchalitchi chinadzaza thothotho. Amayi a chigwirizano anakhala mbali yawo, mabulauzi oyera mbee. Ine ndinaimirira kuwerenga mbiri mawu akunjenjemera, anthu n'kumati ndi chisoni. Ndinatchula za Petauke, za kulemba kwawo, za ana amene anawaphunzitsa. Pofuna kukometsa ndinawonjezera kuti, "Ine mdzukulu wawo sindinajombepo kalasi yawo ngakhale Sabata limodzi."

"Ameni!" anayankha mpingo.

Kenako abusa anaitana aSakala. Mkuluyo anadzuka ndi ndodo yake, anafika kutsogolo, anakhosomola.

"Lero ndiulule zimene ine ndi mayi awa tinali kuchita Loweruka masana..."

Sindikudziwa kuti benchi ndinaidumpha bwanji. Ndinangopezeka ndawalanda maikolofoni. Ndimati ndikunong'ona, kuiwala kuti chinthucho chili pakamwa panga.

"ASakala, chonde, not here! Amama ali ndi BP! Zapita zapita, tidzakambirana monga banja!"

Masipika onse anayi anabwereza.

Amama anadzuka, chitenje akumanga m'njira. "Iwe, wapenga? Banja liti?"

Anandigwira jekete kuti andikokere kumpando, kabuku kaja n'kugwa pansi. Basi, ndinati zatha. Anakatola, anatsegula, anakweza magalasi, n'kuwerenga mokweza:

"Ndatopa kunama..."

Kumbali ya amayi, gogo wina wopanda mano analandira, "Anthu amandiona nditavala zoyera pa Sabata!"

Wina kumbuyo, "Mwana wanga woyamba si wa amuna anga!"

Ndiye tchalitchi chonse pamodzi, madikoni, kwaya, ngakhale abusa amene: "Atate ake ndi uja wa ku Railways, wanjinga!"

Wina anachita kuliza belu ndi pakamwa, "Ngiri-ngiri!" Anthu anagwa ndi phwete. Amayi ena anali kupukuta misozi ndi maduku.

Ine ndikadali chiimire kutsogolo, maikolofoni ili m'manja.

"Chitsiru iwe!" anatero amama akundimenya ndi kabukuko paphewa. "Aka ni ka Mai Esinati, wa mu sewero! Ine ndemwe ndinasewera Esinati katatu!"

Ndi pamene zinamveka. Ambuya analemba sewero la mkazi amene anabisa tchimo mpaka analapa, ndipo achinyamata ankalisewera Disembala aliyense. Masiku amenewo kunalibe za fotokope. Ndiye ambuya ankalemba mawu a munthu aliyense m'kabuku kakekake, mawu ake okha, popanda dzina, popanda mayankho a anzake, kuti akaloweze kunyumba. Loweruka ankayeserera kunyumba kwawo. ASakala ndiwo ankaphunzitsa nyimbo, n'kubwereketsanso njinga yokwera m'seweromo. Ana osawerengeka aja anali ana a kalasi.

Ndinakhala pansi pa simenti ndi suti yanga. Ndinalira, ndinaseka, zonse pamodzi. Ambuya anga anali oyera monga ndinkawadziwira! Amama ndi mwana wa bambo awo! Chibadwire sindinapumepo mpweya wokoma ngati umene uja. Manyazi analipo, inde, koma ndinati abwere, ndiwasenza.

ASakala anali atagwira m'mimba. "Ndiye dzulo unabwera kudzaona ambuya ako aamuna? Chimanjamanja, opanda na shuga yomwe?"

Phwete linayambiranso. Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, koma abusa anakweza dzanja.

"Dikirani pang'ono, abale. Mwana aliyense amene anadutsa m'kalasi ya amayi athuwa analoweza sewero ili. Inu bambo, si mwangotiuza kumene kuti simunajombepo?"

Amama anatembenuka pang'onopang'ono. Kuseka kunali kutatha pankhope pawo.

"Zaka zisanu ndi ziwiri ndinali kukusiya pakhomo la kalasi ndekha. Unali kupita kuti?"

Ndinayang'ana pansi. Maikolofoni inali ikadali m'manja mwanga, ndipo inali isanazime.

"Kalasiyo inali na windo, amama. Ndipo video show ya mafilimu ija inali pafupi, kuseri kwa msika."

Musanathamangire kukwirira machimo a akufa, yambani mwaona ngati anu mwawakwirira bwino.