Bokosi Lophunzitsira Masamu

Mpaka lero ndikamalowa m'mudzi wa kwawo kwa akazi anga nditamanga kanthu pakaliyala ya njinga, amayi amasiya zochita n'kuyamba asuzumira. Ngakhale likhale thumba la kabichi, amafuna atsimikize. Sindiwaimba mlandu, ndinaziyamba ndekha.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale cha kuno ku Bembeke, komanso ndine mkamwini (mukudziwa nokha kuti mkamwini amayenda chonyang'ama, ngakhale nyumba yamalatayo anamanga yekha). Chaka chimenecho ndinkaphunzitsa Sitandade 6 kusiyana kwa rekitango ndi kyuboidi. Ndinajambula pabolodi, ndinafotokoza mpaka kukhosi gwa: chinthu chafulati chili ndi m'litali ndi m'lifupi basi, koma chinzakechi chilinso ndi kuya, mukhoza kuikamo kanthu. Mtsikana wina wa kutsogolo anakweza mkono.

"Aphunzitsi, nanga zonsezo si zili pabolodi? Kuyako kuli pati?"

Zinandiwawa chifukwa ankanena zoona. Ndinalumbira kuti ndikhoma kyuboidi weniweni, wamkulu woti mwana alowemo, akumve kuyako ndi thupi lake.

Loweruka ndinapalasa njinga kupita kwa ocheka matabwa m'munsi mwa phiri la Dedza. Anandipatsa matabwa a paini otsala, iwo n'kulowa m'nkhalango ndi masowo awo. Matabwawo anali aataliatali ndipo ndinalibe chodulira, koma ndinati palibe kanthu, masamu saletsa kyuboidi kutalika. Ndinatola tizidutswa totsekera mbali ziwiri zazifupizo, n'kukhomanso chivundikiro, poti kyuboidi wopanda pamwamba ndi woperewera. Papepala pomwe ndinajambula, chinkaoneka chinthu chosalakwa, chonga njerwa.

Ndinachipingasa pakaliyala, ndinamanga ndi mphira, n'kuyamba kukankha. Inali Juni. Nkhungu inatsika masana omwewo moti mitengo inkangooneka zithunzithunzi.

Bambo wina wa njinga atandiona anatsika, navula chipewa. Ndinamupatsa moni, iye anangoweramitsa mutu. Patsogolo pang'ono amayi osenza mbatata anatula madengu, nakhala pansi m'mbali mwa msewu. Minibasi ina inachepetsa liwiro, n'kuzimitsa wailesi. (Mumtima ndinkati: hii, anthu ayamba kulemekeza aphunzitsi tsopano.)

Kenako ndinamva mapazi kumbuyo. Ndikaima, nawo aima. Nditacheuka ndinaona mizukwa yofunda zitenje ikubwera m'nkhungumo, yosalankhula. Wina anayambitsa nyimbo chapansipansi, ija timaimba poperekeza. Palibe anandifunsa kanthu, poti kwathu kuno munthu wonyamula katundu wotere safunsidwa panjira. Mwamuna wina anangogwira chiwongolero nati, "Pumulani, aphunzitsi, tikulandireni."

Apa m'pamene ndinachiona koyamba chinthu changa chija ndili chapatali, wina akukankha. Matabwa oyera, atsopano. Kutalika kwake kwa munthu wamkulu. Ndinayesa kunena kuti ndi kyuboidi, koma mawu anatuluka ngati kulira, ndipo mayi wina anandigwira paphewa kuti ndilimbe mtima.

Tsono chomwe sindinakuuzeni n'chakuti malume a akazi anga, a Gelevazio, mwinimbumba, anali chigonere ndi chifuwa chiyambire kuzizira. Ansembe anali atabwera kale kudzawadzoza. Dera lonse linkadziwa, ndipo mafoni anali atafika kumudzi ine ndisanafike. Tinapeza masamba ataikidwa kale pamsewu, anthu a midzi ina akulowa akulira.

Akazi anga anathamanga kudzandichingamira, maso ali psu.

"Bambo a Tadala, amalume akumwa phala m'nyumbamo! Ichi mwatenga n'chiyani?"

Kulira kunaduka. Kenako kunong'ona kunayamba, ndipo ndinkamva bwinobwino: mkamwini wadziwa bwanji? Wakonzeratu bwanji bokosi munthu ali moyo? Si dimba la a Gelevazio akulifuna? Mlamu wanga wina ananena mokweza kuti munthu wotere alongedze, azipita kwawo lero lomwe. Ndinayang'ana nyumba yanga, ndinayang'ana Tadala atakangamira chitenje cha amake, mantha anandigwira zenizeni.

Chitseko chinalira. Anatuluka a Gelevazio atafunda bulangete, owonda, akuyenda chogwira khoma. Ena mwa olira aja anathawa osacheuka. Mkuluyo analoza kuti bokosi litsitsidwe. Analizungulira, analigogoda, anatsegula chivundikiro. Kenako, anthu onse akuona, analowamo n'kugona chagada, manja pachifuwa, maso tsinzi. Nkhungu inkangodutsa pamwamba pawo.

Sindidziwa kuti anakhalamo nthawi yaitali bwanji.

"M'litali mwakhoza, akamwini," anatero osatsegula maso. "M'lifupi mwakhozanso. Koma kuyaku mwandimana. Mukatseka, mphuno iphwanyika."

Ndinagwada, ndinafotokoza za ana a sukulu, za bolodi, za mtsikana wa funso uja. Anamvetsera ali momwemo. Atadzuka anayang'ana abale awo mmodzimmodzi.

"Inu nonse mwakhala mukudikira kuti ndife muzikapempha matabwa kwa anthu. Uyu yekha ndiye wandiganizira. Sapita kulikonse. Lowetsani m'nyumba bokosi langali."

Banja linapulumuka choncho, koma kyuboidi wanga sanafike kusukulu. Lolemba ndinaphunzitsa ndi kabokosi ka machesi, ndipo ana anamva nthawi yomweyo (pamenepo mpomwe pamandiwawa kwambiri). A Gelevazio anachira, ananenepa, ndipo m'bokosimo amasungiramo mbewu ya mbatata. Chomwe ndinaphunzirapo n'chakuti chinthu chojambula papepala sichiopsa munthu. Chikakhala ndi m'kati, anthu amayamba kufunsa kuti mulowa ndani.

Mwezi wathawu ndinadwala chimfine, ndinatsokomola mlungu wonse. A Gelevazio anabwera kudzandizonda. Anakhala pampando akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pang'onopang'ono, ngati munthu wogula nsalu. Potsanzika anaima pakhomo.

"Akamwini, kodi mukudziwa kuti ine ndi inu msinkhu ndi umodzi? Ndipo yanuyo mphuno ndi yaifupi. Mbatata ija ndikhoza kuchotsamo."

Mawa lake ndinadzuka nditachira.