A Gerevazio ndi Zala za Makanda

Kwathu kuseri kwa phiri la Mphunzi, mwana akabadwa anthu amafunsa ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. A Gerevazio okha ankafunsa zala. Mwana asanatuluke n'komwe m'chikuta, iwo afika kale kuseri kwa nyumba.

"Musandilowetse ayi. Ingotulutsani kadzanjako pawindo."

Akakayang'ana amagamula pomwepo: "Uyu ndi wa limba." Kapena, mopanda chisoni: "Uyu mpatseni khasu."

Ankati khasu limaumitsa zala, choncho mwana ayambe limba asanadziwe munda. Limbalo linali la m'tchalitchi chathu, lakalekale, lopopa ndi mapazi kuti lilire. Tsono mwana wa msinkhu umenewo, ukamukhazika pampando, mapazi amangolendewera m'malere. Apa ndi pamene panagona tsoka la akazi awo, mayi Hellen. Iwo ndiwo ankagwada pansi pa limba n'kumapopa zopondera ndi manja.

"Hellen, mphepo!"

"Abambo, ndasiya nyemba pamoto."

"Nyemba zidikira. Mwanayu akukula."

Mayi Hellen anagwada choncho kuyambira ali mtsikana mpaka imvi mbuu. Nyimbo zonse ankazidziwira pansi, pamodzi ndi zikang'a za ana onse a m'mudzi. M'miyezi yozizira, chifunga chitakuta phiri, ankawotchanso mbatatesi kuti ana azifumbata zala zifewe. Ana ankangodya, n'kunena kuti zala sizinafewebe.

Chowawa n'chakuti tsiku limene mapazi a mwana afika pa zopondera, limakhala ngati tsiku lotsanzikana. Bonifasio anapita kukayimba m'maukwati ku Lilongwe. Rafaelo anathawira ku Joni. Ena anakwatiwa kutali. Mayi Hellen amati akamati apume, n'kuona mkuluyo akubwera wagwira kamwana kena padzanja.

"Ndatopa ine, abambo. Mawondowa si a boma."

"Womaliza uyu, Hellen."

Omalizawo anachuluka. Koma mayiwo sankakana, poti ankaona zala za amuna awo zikupindika ndi nyamakazi, ndipo ankadziwa chimene chinkawasowetsa mtendere: kufa osasiya munthu pa limba.

Womaliza weniweni anali Alile, kamtsikana kogweluka mano, kodziwa nyimbo imodzi yokha, nayonso ya chala chimodzi. A Gerevazio anatisiya nthawi yokumba mbatatesi, kamwanako kakali pa nyimbo imodzi yomweyo.

Pa Misa ya maliro, ophunzira akale anatumiza mapepeso pafoni. Anthu anamunyamula Alile n'kumukhazika pampando. Abambo awiri a kwaya anagwada kuti apope, koma ankapopa ngati akupopa njinga, limba n'kumatsokomola ngati mbuzi. Mwana anayamba kugwetsa misozi.

Mayi Hellen anali pamphasa pakati pa amayi, mmene amakhalira namfedwa, wina wagwira uku wina uku. Anapirira, anapirira.

"Tandisiyani."

"Amayi, simuyenera kudzuka."

"Ndati tandisiyani. Akumuphera nyimbo mwanayo."

Anakankha abambo aja, n'kugwada pamalo pawo. Limba linapuma bwino, ndipo nyimbo ya chala chimodzi ija inatuluka yonse mpaka kumapeto. Ngakhale aja ankaseka a Gerevazio ali moyo analira osabisa nkhope.

Mvula isanagwe, mayi ake a Alile anasamukira ku Linthipe kukagulitsa tomato, mwana n'kupita nawo. Limba analifunditsa chitenje. Lamulungu timayimba ndi pakamwa pokha, ndipo aliyense amayamba pamene wafuna. Masana tchalitchi chimangoti zii, moti umamva mbuzi zikudzikanda kukhoma.

Mayi Hellen masiku ano amayenda chowongoka, amakwera mtunda wa kudimba osapumira. Ukawafunsa za mawondo, amayamba ayang'ana kumbali.

"Apola," amatero, ndi mawu a munthu wolengeza maliro.