Kwa Bwana Amene Anatijambula N'kupeza Nkhalango

Mudzi wa Mwambelile,
Karonga.
Meyi, 1979.

Okondedwa Bwana Mkulu wa Zithunzi za Kumwamba,

Ndagha fijo, bwana, ndiye kuti zikomo kwambiri m'chinkhonde chathu. Ine ndine Esnart, sukulu ndinalekeza Sitandade 3, koma chimwemwe chandigwiritsa pensulo. Chibadwire sindinajambulidwepo, ndiye ndamva kuti makina anu oyenda kuseri kwa mitambo aja anatijambula mudzi wonse, ulele, madzi osefukira atangotikokolera mpunga.

Choyamba ndithokoze kuti tinaoneka bwino. Tinapita ku ofesi kukalembetsa chimanga cha chithandizo, ine ndi Towera, mwana wa achimwene anga, amene ali ndi pakati potopa. A Stanford, akalaliki a pa ofesipo ochokera ku Ntcheu, anayala chithunzi chanu patebulo, n'kuloza pobiriwira, ati pamudzi pathu ndi nkhalango, palibe munthu. Taonani, zaka makumi anayi ndili m'nkhalango osadziwa. Thumba ndinabwerera nalo lopanda kanthu, koma mutu unadzaza maphunziro.

Chachiwiri, olakwa ndife. Ife Ankhonde timabzala nthochi kuzungulira nyumba mpaka denga kubisika, ndi khola la ng'ombe lomwe. Makolo athu ankayesa boma lidzalowera pakhomo n'kuodira ngati mlendo, osadziwa kuti lidzasuzumira kumwamba. Ndinawapempha a Stanford kuti abwere adzatione pansi pa masamba, ndiwaphikire mbalagha, nthochi zathu za nyama zija. Ati galimoto ilibe mafuta, komanso chithunzi sichinama. N'zoona. Ndamuuza Towera kuti njala akuimvayo ndi maganizo chabe, poti iyeyo palibe.

Chachitatu ndikungodabwa. Anyamata ogulitsa makhadi a chipani amatipeza bwinobwino, ngakhale madzi alekeze m'chiuno. Kapena makina awo ndi atsopano kuposa anu?

Tsono ndagwada, bwana. Kulembetsa chimanga kutha Lachisanu la sabata la mawa. Chakudya chatitsalira ndi nthochi zomwezo, koma amuna ayamba kale kunola zikwanje, poti tikufuna kuoneka. Mutiuze, tidule zingati kuti madenga akwane pachithunzi? Zikakuvutani kuwerengera, mungotiuza tsiku lodutsa makinawo. Ndidzamugoneka Towera chagada pabwalo la mpira. Mimba yake ndi yaikulu ndithu, mudzaona anthu awiri nthawi imodzi.

Ine wanu wosangalala wa m'nkhalango,

Esnart Namusukwa,
azakhali ake a Towera.