Matabwa a Pamwamba pa Galaja ya ba Siyanga

Ba Siyanga, makanika wa ku Maramba mu Livingstone amene tinawaika m'manda dzinja lapitali, ankakhulupirira kuti chinthu chilichonse padziko lapansi ndi galimoto. Mwana akamatsokomola, ankati fyuluta yatsekeka. Banja likamagwedezeka, ankafunsa kuti linapita liti ku sevisi. Abusa akatalikitsa ulaliki, ankanong'oneza woyandikana nawo kuti mabuleki atha. Anthu ankaseka. Inenso ndinkaseka, mpaka pamene ndinakakhala pamwamba pa mutu wawo ndi makina anga osokera.

Mwamuna wanga atamwalira ndinalibe malo osokerapo. Ba Siyanga anali mnzake wa malemuyo, ndipo anandiitana ku galaja yawo. Inali ndi kachipinda kapamwamba komwe kale ankasungirako matayala.

"Ba Namasiku, kwerani apa muzisoka. Ni pabwino, kuli na mphepo."

Mphepo inalikodi, koma inkachokera pansi. Matabwa opondapo anali akalekale, ofooka, ena odyedwa ndi chiswe. Mipata yake inali yoti ndikagwetsa batani linkakagwera mu injini ya munthu. Ndikamapalasa makina ndinkaona dazi la ba Siyanga pakati pa mapazi anga. Makinawo ndi achitsulo, olemera, ndipo ndi okhawo amene amandidyetsa. Akanati agwe, zanga zonse zikanathera pomwepo.

Ine pakamwa ndi polemera chibadwire. Munthu wakupatsa malo mwachifundo, umuuza bwanji kuti malowo akufuna kukumeza? Ndinangonena chapansipansi kuti, "Ba Siyanga, thabwa ili likulira."

Anakwera ndi sikuludiraiva yaitali, nsonga anaiika pa thabwa, chogwirira pa khutu, monga ankamvetsera mainjini.

"Yendani."

Ndinayenda. Thabwa linalira.

"Manje rivesi."

Linaliranso.

"Ah, iyi ni nkhani ing'ono. Ifuna chabe oilo."

Anapaka oilo wakuda wotsala m'mainjini chipinda chonse. Chiswe chinathawadi, zimenezo sindingawanamizire. Koma nsalu iliyonse ikakhudza pansi inkasanduka chopukutira masipanala, ndipo ine ndinkayenda ngati bakha. Kutentha kwa Okutobala kutafika, oilo uja anayamba kudonthera pansi. Brian, mnyamata wa takisi yonyamula alendo a ku mathithi, anakuwa:

"Mudala, motoka yanga ikudontha oilo kuchokera ku denga!"

"Ndiye wabwera pamalo oyenera," anatero ba Siyanga. "Tsegula boneti."

Tsiku lina mwendo wa mpando wanga unabowola thabwa. Iwo anakhomapo nambala ya galimoto yakufa. Bowo lina, nambala ina. Magalimoto ofera mu Livingstone ndi ochokera konsekonse, choncho posakhalitsa pansi panga panali Zambia, Botswana, Zimbabwe ndi Namibia. Ndinkawoloka malire pongofuna kukatenga sizasi.

Kenako hotela ina ya kufupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya inataya kapeti wofiira wakale. Ba Siyanga anabwera naye pa wilibala akumwetulira ngati akwatira. Anamuyala chipinda chonse. Panakongola zedi, koma tsopano mabowo sankaoneka. Ine ndinkawadziwa pamtima. Mayi wina wathupi wa ku Mukuni, amene anabwera kudzayezetsa diresi la ukwati wa mwana wake, sankawadziwa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuchenjeze, mawu asanatuluke mwendo wake unali utalowa kale mpaka m'bondo, kapeti ndi zonse. Kenako kuchokera pansi tinamva mawu a ba Siyanga, odekha ndithu:

"Madamu, nsapato yanu yadyeka mbali imodzi. Ni alaimenti."

Mayiyo sanabwerenso, ndipo nsalu yake anachita kutumiza munthu kudzaitenga.

Mwana wamkazi wa ba Siyanga, Beauty, atamva zimenezi anabwera ndi kalipentala, ba Mulemwa. Iwowo anachotsa kapeti, nagogoda apa ndi apo. Anati matailosi angasweke chifukwa matabwa amagwedera, simenti ingalemere n'kugwetsa zonse, ndipo mapulaiwudi angathandize pokhapokha atayamba asintha mtanda waukulu wonyamula matabwawo, umene unali utawerama pakati.

Ba Siyanga anapukusa mutu. "Iwe ukamba monga aja ogulitsa motoka. Chilichonse ati gulani chatsopano. Chinthu chikawerama timachikweza chabe."

"Atate, iyi ni nyumba," anatero Beauty.

"Na motoka ni nyumba, mwana wanga. Ili chabe na mawilo."

Anagubuduza mgolo n'kuuika pakati pa galaja, pamwamba pake jeki yawo yaikulu ya malole, pamwamba pa jekiyo mtengo wa mopane wofika pa mtanda. Anapopa. Chipinda chonse chinadzuka, ine ndi makina tikukwera nacho. Chodabwitsa n'chakuti zinagwira. Vuto linali limodzi: jeki yaikulu inali yomweyo. Lole ikabwera ndi tayala lophulika, ndinkamva:

"Ba Namasiku! Muli pa chani?"

"Pa kolala, ba Siyanga."

"Isiyeni. Nibwerekako jeki. Musapume maningi."

Ndinkakhala duu, manja pa makina, ndikumva pansi pakutsika pang'onopang'ono ngati bwato lolowa madzi. Oyendetsa malole amakonda nkhani, ndipo ba Siyanga ankazikonda kuposa iwo. Ine kumwamba ndinkapemphera kuti nkhaniyo isafike pa mpira.

Tsiku lina jeki itabwezedwa, ndinagwada pa mpata wa matabwa, chifukwa kulankhula osaonana nkhope kunkandipepukira.

"Ba Siyanga, ine ndikuopa."

Sanaseke. Anapukuta manja nthawi yaitali. M'mawa mwake ndinapeza atakokera tebulo lawo logwirirapo ntchito pansi penipeni pa makina anga.

"Nili pansi panu, mayi. Ikafuna kugwa, iyambe ine."

Sanali mawu otonthoza kwenikweni, koma kuyambira pamenepo ndinkasoka mtima uli m'malo.

Matenda atawagwira, ba Siyanga sanadwale nthawi yaitali. Akuti kuchipatala anauza namwino kuti asavutike, mailo angochuluka. Maliro atatha, abale anasonkhana ku galaja kugawana katundu monga mwa mwambo. Masipanala anapita kwa uyu, mabatire kwa uyo. Jeki yaikulu inagwera mng'ono wawo wa ku Sesheke, munthu wosadziwa chimene inanyamula. Ine ndinaima pakhomo. Sindine m'bale, anthu maso ali ofiira, ndiyambe kukamba za makina anga? Ndinaona bamboyo akugwira chopopera jekiyo.

Beauty ndiye anaona nkhope yanga. "Batata ang'ono, imani!"

Brian ndi anzake anakwera mosamala, namanga makinawo ndi unyolo uja wotulutsira mainjini, nawatsitsa akulendewera. Atafika pansi, tonse tinatuluka panja ndipo jeki inachotsedwa. Chipinda chija sichinagwe. Chinangobuula nthawi yaitali, n'kuwerama mpaka pakati pake panafika pa tebulo la ba Siyanga, n'kutsamira pomwepo. Brian anavula kapusi kumutu.

Galajayo ndi yotseka tsopano. A matakisi akamadutsa amachepetsabe liwiro, kenako n'kukumbukira kuti mwini wake kulibenso. Ine ndimasokera pa khonde lina mu msika wa Maramba, pa simenti yolimba imene singandimeze. Sabata yoyamba ndinaitana munthu kuti adzaone makina, chifukwa ankalira mopyapyala ngati akudwala. Anati alibe vuto lililonse. Ndinazindikira pambuyo pake kuti phokoso limene ndinalizolowera zaka zonse zija silinali la makina okha. Lina linali la matabwa, ndipo lina linali la ba Siyanga, amene ankang'ung'udza nyimbo za m'tchalitchi pansi panga, akutsata liwiro la phazi langa.