Mwamuna Wobwereka wa Kusikelo

Nkhani iyi kwathu amaikamba ndi mayi a Tadala, ndipo akangoiyamba ine ndimapeza chochita kuseri kwa nyumba. Lero ndati ndiikambe ndekha, mwina manyazi angachepeko. Musayembekezere kuti ndituluka bwino m'nkhaniyi. Sindituluka bwino ngakhale pang'ono.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Chinsapo, ine ndikusoka zovala pakhonde la golosale ina pafupi ndi msika. Mayi a Tadala, ndiye kuti akazi anga, anali oyembekezera mwana wathu wachiwiri. M'zipatala munali mutangobwera kachitidwe koti mayi akapita kusikelo ndi mwamuna wake, amathandizidwa koyamba, osaima pamzere. Ankafuna kuti abambofe tizipondako. Akazi anga anandipempha katatu konse.

"Bambo a Tadala, mawa mundiperekeze. Pamzere paja ndikumachita chizungulire."

"Ine? Kusikelo? Kukaomba m'manja ndi azimayi? Anzanga akandiona adzati munandidyetsa khuzumule. Ndiye makinawa asoka okha?"

Kachitatuko anangoti, "Chabwino," ndipo sanapemphenso. Ine ndinaona ngati ndapambana.

Patangopita sabata, pakhonde panga panatulukira Yohane, mnzanga wa kumudzi ku Ntcheu, amene tinaweta naye limodzi ng'ombe tili ana. Iye ankakhala ku Mgona ndipo ankanyamula mabelo a fodya ku Kanengo. Ntchito imene ija ukajomba tsiku limodzi, mawa umapeza wina ataima pamalo pako. Mkazi wake, Esinati, anali ndi mimba yoyamba. Ulendo woyamba kusikelo anabwerako dzuwa litapendeka, wosadya, chifukwa aliyense wobwera ndi mwamuna ankamudumpha.

"Aise, ukandiimirire," anatero Yohane. "Ukangokhala pabenchi, akaitana dzina udzuke, basi. Akudziwa ndani mbali ya kwathu kuja? Komanso iwe ndiwe munthu wooneka, uli ndi jekete ija."

Pajekete paja ndi pamene anandigwirira. Ndinaisoka ndekha, yabulauni, yamapewa otukula, ndipo kupatula kutchalitchi inkasowa kopita. Lachiwiri m'mawa ndinaivala, ndi kuwauza akazi anga kuti ndikupita m'tauni kukagula ulusi ndi mazipi. (Sanafunse kuti ulusi unayamba liti kufuna jekete. Akazi anga safunsa, amangosunga.)

Ndinakwera maminibasi awiri, ndi kukumana ndi Esinati pageti la kachipatala ka mbali ya kwawoko. Manyazi anali atamugwira kuposa ine.

"Alamu, pepani takuvutitsani."

"Za alamuzo zithere pageti pompano," ndinamunong'oneza. "Mkatimu ndine abambo."

Mkatimo munali azimayi odzaza mabenchi onse, ena atakhala pansi atatambalala. Amuna tinalipo awiri. Winayo anali atabisa nkhope m'chipewa ngati wagwidwa ndi mbuzi yakuba. Anesi aakulu atationa anati, "Amayi, tawaombereni m'manja abambo awa! Awa ndiye amuna." Holo yonse inaomba, wina mpaka nthungululu. Ndikuuzeni zoona, zinandikomera. Chibadwire palibe anandiimbirapo nthungululu, ngakhale paukwati wanga zinali za mkwatibwi.

Kenako panali phunziro. Anesi aja anafotokoza zizindikiro zoopsa kwa mayi woyembekezera: kutaya magazi, mutu wosasiya, kutupa nkhope, manja ndi mapazi, kuona chidima m'maso. Atatha anafunsa amene angabwereze. Dzanja langa linakwera lokha. Ndinaimirira, ndi kukonza jekete, ndi kuzitchula zonse osaphonya ngakhale chimodzi, mpaka ndinawonjezera kuti, "Ndipo abambo tiziyang'ana, tisamangodya." Kuomba m'manja kwake! Esinati anangoweramira pansi.

Zinthu zinayamba kupotoka pamene anatiuza kuti obwera awiri amayezedwa magazi limodzi. Za izi Yohane sanandiuze. Ine jakisoni ndimamuopa kuyambira ndili mwana, ndipo kuyezetsa ndinali nditakuzemba zaka zambiri. Anandibaya chala ndikuyang'ana kudenga, thukuta lili kamukamu mkati mwa jekete. Zotsatira zinatuluka bwino, ndipo anazilemba pakhadi la Esinati, pamalo pa mwamuna wake.

Apa munthu wanzeru akanathokoza Mulungu ndi kubwerera ku Chinsapo. Koma Esinati atalowa kukapimidwa mimba, panabwera anesi ena achitsikana, atanyamula mafomu ndi kawailesi kojambulira mawu. Anati iwo ndi azamba, akupitiriza maphunziro, ndipo akuchita kafukufuku wofuna kudziwa chimene chimapangitsa abambo ena kuperekeza akazi awo pamene ena amakana. Anandiuza momveka bwino kuti ndili ndi ufulu wokana, ndipo palibe angandiimbe mlandu.

"Kukana? Ine?" ndinatero. "Funsani chilichonse, anesi."

Ndinasaina fomu ndi dzina langa lenileni, siginecha yopotokola bwino. Iwo anatsegula kawailesi kaja.

"Mimba ya akazi anu ili ndi miyezi ingati?"

Ndinaganiza zongobwereka miyezi ya mayi a Tadala. Pamenepo mpamene ndinazindikira kuti nayonso sindikuidziwa.

"Ili pakatikati," ndinayankha. "Siyaing'ono, komanso sinakule kwenikweni."

Anesi anaseka, poganiza kuti ndine munthu wanthabwala, ndipo kusekako kunandimasula pakamwa. Atafunsa mmene ndimathandizira pakhomo, ndinayamba kusoka bodza ngati ndikupondaponda makina. Ndinati madzi ndimatunga ndine. Kuchapa ndine. Ndinati madzulo aliwonse ndimawasisita msana ndi mafuta, ndipo akalakalaka mapapaya ndimayenda mpaka kumsika waukulu. Ndinadzudzulanso amuna okana kupita kusikelo, ndinati amenewo ndi mbuli zofunika kuphunzitsidwa. Anesi ankangogwedeza mutu, maso ali mbee ndi chimwemwe. Anati abambo ngati ine ndi osowa, ndipo angakonde kudzacheza nafe kunyumba, aone mmene timakhalira.

"Mumakhalira pati?"

Telala aliyense ali ndi kanyimbo kolondolera makasitomala kwawo, ndipo kamatuluka kokha. Ndinangomva pakamwa panga pakuti: mukatsika pamsika wa Chinsapo, mutsate msewu wa kuchigayo, mudutse pogulitsira madzi, nyumba yachitatu ya chitseko chobiriwira. Ndinawajambulira ndi mapu omwe kuseri kwa fomu.

"Chinsapo? Mpaka kuno? Kutalikatu."

"Timakonda chipatala chino," ndinatero. "Munthu ukamakonda mkazi wako, mtunda suuona."

Pobwerera ndinagula ulusi umodzi wakuda kuti ukhale umboni. M'minibasi ndinadzilimbitsa mtima kuti anthu a mafomu amangolonjeza, sabwera.

Anabwera. Linali Loweruka masana, patatha masabata awiri. Ine ndinali pakhonde la nyumba yathu, malaya ndavula, wailesi ili pakhutu ndikumvera mpira. Mayi a Tadala anali atapita kukatunga madzi. Ndinangomva "Odi!" ndipo nditadzutsa mutu ndinaona anesi aja, chikwama paphewa, mapu anga ali m'manja.

Ndinawapatsa mpando. Ndinati mayi atalikira pang'ono, mwina abwere tsiku lina. Iwo anati palibe vuto, adikira, ndipo podikirapo andimvetsere zimene ndinayankha tsiku lija kuti nditsimikize ngati anajambula bwino. Ndisanapeze chonena, anadina batani. Mawu anga anamveka pakhonde ponse, onenepa, odzikhulupirira:

"Mkazi wanga Esinati sangasenze ndowa ine ndili moyo. Madzi ndimatunga ndine. Madzulo ndimamusisita msana..."

Kumbuyo kwanga kunamveka madzi akukhavukira pansi. Nditacheuka, mayi a Tadala anali ataima pamenepo, ndowa ili pamutu, mimba ili patsogolo, dzanja limodzi lagwira m'chiuno. Anali atafika kalekale.

"Musatseke," anawauza anesi. "Ndimve nawo za msanazo."

Anesi anatseka ndithu. Anayang'ana ine, ndi kuyang'ana mimba ija, imene kwa iwo inali itakula miyezi itatu m'masabata awiri ndi kusintha mwini wake.

"Pepani amayi, inu ndinu ndani pakhomo pano?"

"Ndine wotunga madzi," anayankha akazi anga, akutula ndowa okha. (Ndinayesa kuthandiza. Anandiyang'ana kamodzi kokha, manja anga anabwerera okha.)

Ndinaulula zonse, chibwibwi chili patsogolo. Yohane, mabelo, benchi, jekete. Ndinalumbira kuti mimba ya Esinati sindikuidziwa mutu wake, ndinati tiyeni tikaimbe foni pompano Yohane anene yekha. Ndinkayembekezera kukuwa, mbale kuuluka, aneba kudzaza pampanda. Koma akazi anga anakhala pansi pamkeka, ndi kuyankhula motsitsa.

"Zoti mimbayo ndi yanu sindinaganizeko n'komwe. Inu ndimakudziwani, mulibe mtima wa zimenezo. Ndingofunsa chimodzi. Pabenchipo munakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Mwina maola atatu."

"Maola atatu. Makina anasoka okha?"

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ndi kunena kuti mawa apita kwa mayi awo ku Dedza, akachirire kumeneko, ndipo za kubwerera tidzakambirana mwana akadzayamba kuyenda. Mayi a Tadala saopseza, akanena amachita.

Anesi nawo sanandisiye. Anatulutsa fomu yanga ndi kuidula mzere kuchokera pakona mpaka pakona, ine ndikuona. Anati ndawataitsa nthawi, koma chachikulu n'choti khadi la Esinati likunena za magazi a munthu wolakwika, ndipo Yohane ayenera kupita yekha akayezedwe, fodya kapena ayi. Ankayankhula akulongedza m'chikwama. Kenako anasiya kulongedza, maso ali pamapazi a akazi anga.

"Amayi, mapaziwa anayamba liti kutupa chonchi?"

"Sabata yatha. Patapata sakulowanso."

"Taonetsani manja. Mutu ukumawawa?"

"Masiku atatu tsopano. Ndimangomanga duku mothina."

"M'maso?"

"Nthawi zina mumachita mdima."

Ine ndinayang'ana mapazi aja koyamba. Anali atatupa ngati mabanzi, zala zikuchita kusowa. Nkhope nayo inali yotupa, ine ndinkangoti akunenepa ndi mimba. Zizindikiro zomwe zija ndinazilakatula pamaso pa holo yonse, ndi kuomberedwa m'manja, zinali m'nyumba mwanga, zikundiphikira ndi kunditungira madzi.

Anesi anatulutsa kachipangizo koyezera kuthamanga kwa magazi, ndi kuwamanga pamkono. Anapopa, ndi kumvetsera, ndi kupopanso kachiwiri. Nkhope yawo inasintha.

"Za ku Dedza muiwale. Tikupita kuchipatala chachikulu panopa, osati mawa. Abambo, valani malaya mukapeze galimoto."

Sindinathamangepo chonchija chibadwire. Ndinapeza kagalimoto konyamula makala pamsika, ndipo ndinamugwadira dalaivala pamaso pa anzanga onse aja ndinkaopa kuti adzandiseka. Palibe anaseka. Tadala tinamusiya kwa aneba. Kuchipatala, wolemba pakhomo anandifunsa kuti mimbayo ndi ya miyezi ingati, ndipo ndinayang'ana akazi anga. Iwo, ali chigonere pamachira, anatseka maso ndi kuyankha okha kuti isanu ndi itatu. Manyazi a nthawi imeneyo sindidzawaiwala.

Anawagoneka masabata atatu. Madokotala anati tikanachedwa akanatha kuyamba kukomoka, ndipo tikanataya mayi kapena mwana, mwinanso onse. Masabata atatu amenewo ndinatunga madzi, ndinachapa, ndinaphika phala lamibulu limene Tadala ankalira akaliona, ndipo tsiku lililonse ndinkakhala pabenchi panja pa wodi nditanyamula chakudya. Palibe anandiombera m'manja. Mwana anabadwa wamkazi, wochepa thupi koma wamawu ngati bambo ake.

Yohane anapita kukayezedwa, ndipo ntchito sinamuthere monga ankaopera. Anesi aja anadzationa kuwodi. Ndinawafunsa ngati angandibwezere m'kafukufuku wawo, popeza tsopano zonse zija ndikuzichitadi. Anati ayi, koma ngati ndikufuna, angandilembe m'gulu la abambo okana. Ndinasaina.

Akazi anga ku Dedza sanapite. Koma musaganize kuti nkhaniyi inatha. Mwana uja pano ndi wamtali kundiposa, koma mpaka lero ndowa ikauma m'nyumba, mayi a Tadala sakweza mawu. Amangoti, "Amuna a Esinati, madzi atha." Alendo amadabwa, ana amaseka. Ine ndimadzuka ndi kutenga ndowa, ndipo podutsa pamene akhala ndimayang'ana kaye mapazi awo.