Mbande 7,207,200 ndi Maenje a ku Njombwa

Kwa Bwana Wamkulu,
Kampani ya Fodya ya Mlerafodya.

Olemekezeka Bwana,

Ndine mphunzitsi wa masamu wopuma pantchito, tsopano mlembi wa kalabu ya alimi a fodya kuno ku Njombwa. Ndikuthokoza chifukwa cha chikwangwani chimene munazika pamsewu wa ku Mtunthama, cholengeza kuti chaka chino mwagawira alimi mbande za mitengo 7,207,200. Nambala yokongola chonchi sindinaionepo, moti yandisangalatsa masabata atatu.

Choyamba, ndi nambala yofatsa. Imagawika ndi 2 popanda chotsala. Ndi 3, ndi 4, ndi 5 chimodzimodzi, mpaka kukafika pa 16. Ndinaiyesa ndi makala pakhoma la khitchini, mayi a kunyumba akali okwiya. Amene anaipeka, pepani, amene anaiwerenga, mumukweze pantchito.

Chachiwiri, mu Disembala alangizi anu anatiuza tikumbe maenje. Tinakumba. Mayi Ezelina, amene chigafa chawo chinagwa ndi fodya yense chaka chatha chifukwa chosowa mitengo yolimba, anakumba mazana awiri okhaokha, ndipo mtima umandiwawa ndikawaona akuzulamo udzu. Mpaka lero m'maenjemo mwalowa mbuzi ziwiri ndi wapampando wathu, a Lucious. Mbande ayi.

Chachitatu, cholakwa ndachipeza, ndipo ndi chathu. M'kalabu mwathu tilimo 17, nambala yoyambirira imene nambala yanu imakana kugawika nayo. Mutatipatsa zonsezo, aliyense angatenge 423,952 n'kutsala 16. Apa ndinamvetsa: kampani yokonda mtendere ngati yanu sikanalola kuti tiswane mitu chifukwa cha zotsalazo, ndiye munaona kuti ndi bwino kusatipatsa kalikonse. Zikomo kwambiri potiteteza. Tinakambirana zochotsa a Lucious kuti titsale 16, koma njinga ya kalabu amasunga ndi iwo.

Bwana, mvula ikupita. Malichi akatha, chilichonse chodzalidwa m'maenjemo chidzauma.

Choncho ndikupempha modzichepetsa: mamiliyoni onsewo sungani, akukhala bwino pachikwangwani. Titumizireni chabe zotsala zija 16, anzanga alandire imodziimodzi. Ine wa nambala 17 musandidere nkhawa. Ndizikausa pamthunzi wa chikwangwani chanu, poti m'dera lino ndicho chokha chimene munadzala n'kugwira.

Ine wanu wogoma ndi masamu anu,
Aloysius Chimphepo,
Mlembi wa alimi osagawika.