Kazenera ka Apongozi ku Mlowe

Nkhani iyi ngakhale ana anga sindinawauzepo. Koma lero imveni, museke, zithe.

Pa holide tinapita ku Mlowe kwa makolo a mkazi wanga. Ine ndine mphunzitsi, kwathu ku Ntcheu, ndipo ulemu wanga ndimausamala ngati dzira. Kumeneko mkamwini sayang'anizana ndi apongozi aakazi. Ukawaona akubwera, umapatuka.

Ndinatenga novelo ya zaumbanda imene aliyense ankaitama ku staff room. Nditafika pamene wakuba, chibambo chathunthu, akuthawira pa kazenera ka sitolo, ndinaiponya pansi.

"Bodza lenileni! Munthu wamkulu pa kazenera? Impossible!"

"Zimatheka, bambo a Tiwonge," anatero mkazi wanga uku akusenda chinangwa.

"Sizitheka! Bwerani muone."

Apongozi anali kunyanja. Kuseri kwa nyumba kuli kachipinda kosungiramo usipa wouma, kazenera kake ndendende ka m'bukumo. Mkazi wanga anakaima panja, ine ndinalowa n'kukwera pa thumba. Mutu unatuluka. Mapewa anatuluka. Mimba inakana.

"Mwaona?" ndinatero monyada. "Wolemba uja ndi wabodza."

"Chabwino, mwawina. Bwererani."

Kubwerera nakonso kunakanika. Abale inu!

Kenaka chitseko chinatseguka kumbuyo kwanga.

"Munkhungu! Wakuba usipa!"

Apongozi aakazi! Iwo ankangoona miyendo ndi matako basi. Ndiyankhule? Ndinene kuti "ndine mkamwini wanu" mbali imene akuionayo ili imeneyo? Mkazi wanga m'malo mondipulumutsa anali atakhala pansi, misozi ili chuchuchu ndi phwete.

Phwaa! Nkhafi ya bwato, pamalo pomwepo.

Yachiwiri sindinaidikire. Ndinapulumuka ngati sopo wonyowa n'kukagwera mumchenga. Thalauza linatsalira pa msomali.

Asodzi ndi amayi oyanika nsomba anali atathamangira kale, ena ndi zibonga. Apongozi anatulukira pakona, dzanja ili nkhafi, dzanja linalo thalauza. Atandizindikira anataya nkhafi ija, anayang'ana kumbali, n'kugwada mwaulemu wonse. Thalauza anandipatsira ndi manja awiri.

"Pepani chomene, aphunzitsi. Mukanapempha, usipawo tikanakupatsani."

Masiku ano buku likati munthu anadutsa pazenera, ine ndimangovomereza n'kutembenuza peji.